MIYALA YA KU KABWE NDI MBIRI YACE

 Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za cinthu cimene tonse timaciponda tsiku ndi tsiku osacilabadira, ndico miyala ing'onoing'ono: ya pa mseu, ya pansi pa njanji, ya m'konkire ya nyumba zathu, ndi imene timathira pabwalo kuti matope acepe m'dzinja. Kapena wina adzati, "Kodi munthuyu nkhani zamthera, kuti atiuze za miyala?" Ndipempha kuti mundilezere mtima. Ku Kabwe nkhani ya miyala si yaing'ono ai, pakuti miyala ndiyo inamanga mzinda umenewo, ndipo miyala ina ndiyo irikudwalitsa ana ace kufikira lero lino.

Tiyambe ndi dzina. Anzathu olankhula Cibemba amacha mwala kuti ilibwe, ndipo mwala waung'ono amati akabwe. Ifenso a Cinyanja liu limeneli tiri nalo, lingobisala m'mau ena: nthaka ya timiyala tofiira timati lubwe, ndi timiyala tosalala ta kumtsinje timati nsangalabwi. Dzina lonse la malowo ndilo Kabwe ka Mukuba, ndipo liloza ku mwala wa m'nthaka umene anthu amausungunula m'ng'anjo kuti apeze citsulo. Tsono mzinda wathu uli ndi dzina la kamwala. Koma kwa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi dzina lolembedwa pa makalata ndi pa siteshoni linali lina, Broken Hill, ndilo kunena phiri losweka. Dzina la Kabwe linabwerera m'caka ca 1966, dziko litalandira kale ufulu.

Dzina la Cizungulo linadza ndi munthu wina wofunafuna miyala ya mtengo wapatali, dzina lace T. G. Davey, amene anafika pamalopo m'caka ca 1902. Iye anapeza timapiri ta miyala titangoti njo pakati pa dziko lacidikha, ndipo m'miyalamo munali mtovu ndi zinki. Pokumbukila mgodi wina wochuka wa mtovu wa ku Australia, wochedwa Broken Hill, anapatsa malo atsopanowo dzina lomwelo. Azungu sanabvutike kufuna maina a timapiri tija. Anangotiwerenga, nati Number One Kopje, Number Two Kopje. Mwala umene unasunga cumaco ndi wa mtundu wa laimu, umene odziwa za nthaka amaucha dolomaiti. Nchito ya mgodi inayamba ca m'ma 1906, ndipo m'zaka zoyamba eni ace anabvutika kwambiri, cifukwa mtovu ndi zinki zinali zosanganikirana m'mwala umodzi, ndipo kuzilekanitsa kunali kobvuta.

Dzina limene Davey anabwereka ku Australia linakhala ngati ulosi. Anchito anaphulitsa timapiri tija ndi wonga, naphwanya ndi nyundo, nanyamula m'ngolo, kufikira pamene panali phiri panasanduka dzenje. Lero mukafuna kuona Number One Kopje mudzapeza dzenje la madzi.

Pa tsiku la 17 June, 1921, m'phiri lomwelo munapezeka cinthu cimene cinachukitsa Broken Hill ku maiko onse. Mzungu wa ku Switzerland, Tom Zwiglaar, pamodzi ndi Mwafirika amene anali kugwira naye nchito, anabvumbula cigaza ca munthu m'phanga. Dzina la Mwafirikayo silinalembedwe, monga zinali kucitikira kawirikawiri masiku amenewo. Cigazaco cinapita ku London, kumene Arthur Smith Woodward anaciyesa, nanena kuti ndi ca mtundu wa anthu akale amene anawacha Homo rhodesiensis. M'caka ca 2020 akatswiri anayesanso ndi makina atsopano, napeza kuti mwini wace anakhala ndi moyo zaka ngati 300,000 zapitazo. Cikali ku London, ngakhale boma la Zambia lakhala likupempha kuti cibwere kwao. Cimene cindikhudza ine pa nkhaniyi ndi ici: m'phangamo munalinso zida za miyala, zosemedwa ndi manja a anthu. Ndiko kuti nchito yophwanya miyala ku Kabwe inayamba kale kwambiri, kampani iri yonse isanabadwe. Ndipo cina comvetsa cisoni ncakuti mapfupa ambiri a nyama a m'phangamo, popeza anali atamwa mtovu ndi zinki, anaponyedwa m'ng'anjo pamodzi ndi miyala yace. Tsiku lina mbiri ya anthu inali kulowa pamoto ndi fosholo.

Mgodi wopanda njira uli ngati nkhokwe yopanda khomo. Njanji inaoloka Zambezi pa ulalo wa ku Victoria Falls mu 1905, nifika ku Broken Hill mu 1906, ndipo omanga ace anali a kampani ya George Pauling. Kwa zaka zingapo njanji inathera pamenepo, kufikira inapitirira ku malire a Congo mu 1909. Kuyambira nthawi imeneyo Kabwe wakhala mzinda wa njanji monganso wa mgodi, ndipo likulu la Zambia Railways liri komweko.

Inu a m'magengi a njanji mudziwa bwino za miyala yochedwa balasiti, koma anzathu ena aganiza kuti miyala ija anaithira pofuna kukongoletsa. Si tero ai. Sitima ndi yolemera kwambiri, ndipo kulemera kwace kukatsikira pa zitsulo ndi pa masilipa, balasiti ndiye amakugawira pa nthaka yaikulu kuti njanji isamire. Amagwiranso masilipa kuti asasunthe pamene zitsulo zitanuka ndi dzuwa la mwezi wa October, ndipo amalola madzi a mvula kupita msanga pansi. Cifukwa cace balasiti ayenera kukhala mwala wolimba, wa ukulu ngati mainchi awiri, ndiponso wa nsonga. Mukathira nsangalabwi za kumtsinje pansi pa njanji, zidzagubuduka monga nthudza pansi pa phazi. Koma miyala yophwanya, pokhala ndi ngodya, imalumana yokhayokha, ndipo sitima ikamaipondereza iyo imangogwirana koposa.

Nzeru yomweyi ndiyo inasintha mamangidwe a miseu pa dziko lonse. Munthu wa ku Scotland, John Loudon McAdam, anaphunzitsa ca m'ma 1820 kuti mseu wabwino sufuna miyala ikuluikulu pansi. Ufuna miyala yophwanya yaing'ono, yoyalidwa mopyapyala pa nthaka youma, pakati pa mseu potukuka pang'ono kuti madzi atsikire m'mbali. Masiku ace miyala yonse inali kuphwanyidwa ndi manja, amuna, akazi ndi ana atakhala m'mbali mwa mseu ndi tinyundo. Makina ophwanyira, aja ali ndi nsagwada ziwiri zacitsulo, anawapanga Eli Whitney Blake wa ku America mu 1858. Ndipo m'caka comwe Davey anafika pa timapiri tathu, 1902, Edgar Hooley wa ku Wales analembetsa njira yace yosanganiza phula ndi miyala, imene inabala mseu wa tala.

Koma tala anacedwa kufika kwathu kuno. Cimene tinali naco ndi lubwe, timiyala tofiira tokhala ndi citsulo, topezeka pansi pang'ono pa nthaka m'malo ambiri a cigawo capakati. Lubwe lokumbidwa pamalo abwino lidza ndi dothi lace lomata, ndipo likathiridwa madzi ndi kutsinderedwa, liuma gwa. Maenje aja mumawaona m'mbali mwa miseu yakale, amene ana amasambiramo m'dzinja, ambiri a iwo ndi mokumba lubwe. Bvuto lace lidziwika kwa yense amene anakwerapo lole: m'cilimwe pfumbi ndi mizere yogwedeza mano, m'dzinja kukokoloka. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 katundu wa asilikali a kumalire a kumpoto anali kutsika sitima m'dera lino, nanyamulidwa pamitu ya amtengatenga zikwi zambiri, popeza mseu weniweni kunalibe. Ndipo ngakhale pambuyo pa ufulu, pamene Azungu a ku Rhodesia anadzilengeza okha odzilamulira mu November 1965, petulo wa Zambia anadza m'migolo pa malole kucokera ku Dar es Salaam, pa mseu wa lubwe ndi matope umene madalaivala anaucha Hell Run cifukwa ca ngozi zace. Paipi ya mafuta inatha mu 1968, ndipo mseuwo unathiridwa tala pambuyo pace.

Za konkire ndinene mwacidule, pakuti amisiri ambiri mwa inu mundiposa. Simenti ya masiku ano inayamba ndi Joseph Aspdin wa ku England mu 1824, ndipo m'dziko lino fakitale ya ku Chilanga inayamba kuipanga mu 1951. Koma simenti ndi gawo laling'ono cabe la konkire. Muyeso wakale umene mmisiri ali yense anauloweza ndi uwu: gawo limodzi la simenti, awiri a mcenga, anai a miyala. Mwala ndiwo thupi, simenti ingomata. Mwala wa konkire ya nyumba ukhale wa ukulu ngati magawo atatu mwa anai a inchi, umene ogulitsa amati mamilimita 19 kapena 20, ndipo ukhale woyera, wopanda dongo, pakuti simenti sigwira pa mwala wobvala matope. Zotsala pa sefa, zimene timati pfumbi la kwale, ndizo amaumbira mabuloko. Mcenga mungauyese nokha: thirani m'botolo ndi madzi, khuchumulani, nimuleke ugone, ngati pamwamba pa mcenga pakhala matope ocindikala, musagule.

Miyala yonse imene ndachula kufikira pano, balasiti, lubwe, nsangalabwi ndi ya kwale, mungaizindikire ndi maso ndi manja. Tsopano ndifika pa miyala imene maso sangathe kuiweruza, ndipo pano ndipempha azimai amene ali kukhichini asendere pafupi ndi wailesi.

Mgodi sutulutsa citsulo cokha. Pa thani iri yonse ya mtovu kapena zinki, pamatsala zotaya zocuruka, ndipo ku Kabwe ziri za mitundu itatu. Coyamba ndi miyala imene anaikumba potsata mtovu, nayesa kuti iribe phindu lokwanira, naiunjika padera. Caciwiri ndi mphala ya m'ng'anjo, imene a pa mgodi amati silagi: yakuda, yonyezimira ngati galasi losweka, ina ngati mcenga wokhakhala. Cacitatu ndi matope osalala otsala pamene mwala wopera watsukidwa ndi mankhwala. Amenewa akauma amauluka ndi mphepo ngati ufa. Kwa zaka pafupifupi makumi asanu ndi anai zotayazi zinaunjikana, makamaka nchito itakula: magetsi a ku damu la Mulungushi anafika mu 1925, caka comwe gulu la Anglo American linalowa m'nchito za mgodiwo, ng'anjo yaikulu yatsopano inayamba mu 1962, boma linatenga mbali yaikulu ya migodi ca m'ma 1970, ndipo kuyambira 1982 mgodi unali m'manja mwa ZCCM kufikira unatsekedwa mu 1994. Pamene Davey anapeza timapiri toyera, ife tatsala ndi phiri lakuda lopangidwa ndi anthu, limene onse a ku Kabwe alidziwa ndi dzina lakuti Black Mountain. A bungwe la Human Rights Watch anena kuti zotaya zimene ziri poyera pamalopo ziposa matani mamiliyoni 6.

M'zotaya zonsezi mukali mtovu. Mtovu suola, sununkha, ndipo suwawa m'kamwa. Ulowa m'thupi ndi pfumbi limene tipuma ndi dothi limene timeza, ndipo mwana wokwawa, amene dzanja lace licoka pansi ndi kupita kukamwa nthawi zonse, ndiye amalandira wambiri. Thupi lacenso limaumwa msanga koposa la munthu wamkulu. Umacepetsa magazi, umapweteka m'mimba, umaononga impso, ndipo ukacuruka umagwetsa mwana ngati wakhunyu, ngakhale kumupha. Koma coipa cace cacikulu ncobisika: umaononga ubongo umene ukukula, kotero kuti mwana amene akadakhala wanzeru pa sukulu amangoiwalaiwala, ndipo aphunzitsi ndi makolo amamuyesa waulesi. Madokotala amayesa mtovu m'magazi ndi nambala. A World Health Organization anena kuti palibe muyeso umene uli wabwino. Nambala ikafika pa 5 payenera kufufuzidwa kumene mtovuwo ucokera, ndipo ikafika pa 45 mwana afunika mankhwala oucotsa. M'makomboni oyandikana ndi mgodi, monga Kasanda, Makululu ndi Chowa, apeza ana ambiri opitirira 45.

Izi sizinadziwike dzulo. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 dokotala wa pa mgodi, A. R. L. Clark, anayesa magazi a ana a ku Kasanda, nalemba kuti mtovu unali wocuruka moopsa. Kasanda ndi Makululu ali kumadzulo kwa mgodi, kumene mphepo ya cilimwe imapita ndi utsi ndi pfumbi. Chowa ali kumbali ya ngalande imene inali kucotsa madzi a mgodi. Mu 2006 bungwe la ku New York, Blacksmith Institute, linaika Kabwe pa mndandanda wa malo khumi oipitsidwa koposa pa dziko lapansi. Mu 2020 maloya anasuma mlandu ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi azimai a ku Kabwe ngati 140,000, kutsutsana ndi Anglo American South Africa. Kampaniyo ikana kuti mlandu ndi wace. Mu December 2023 khoti linakana kuti mlanduwo uzengedwe monga wa gulu, ndipo osumawo anacita apilo. Za makhoti tisiyire oweruza. Ife tibwerere ku miyala yathu.

Mgodi utatsekedwa mu 1994, mabanja ambiri anatsala opanda malipiro, ndipo anthu anayang'ana cimene cinali pafupi. Anyamata anayamba kukumba m'milu ya zotaya kufuna zidutswa za mtovu ndi zinki, ndipo ena makoma a maenje anawagwera. Azimai anatenga nyundo. Ndinaima tsiku lina pafupi ndi mai wina amene anali kuphwanya miyala kufupi ndi milu ija. Anakhala pansi miyendo yotambalala, mwala waukulu pakati monga mphero, nagwira mwala wophwanyawo ndi kamkombero ka mphira wa tayala kuti asadzipweteke zala. Pambali pace panali milu itatu, ya miyala yaikulu, yapakati ndi yaing'ono, yosankhidwa bwino koposa sefa ya makina. Nsidze zace zinali mbuu, ndipo kamwana kace kanali kusewera pa mulu wa pfumbi ndi cibekete. Ndinamfunsa ngati adziwa za mtovu. Anandiyang'ana osaleka kumenya, nati, "Bambo, tidziwa. Nanga nsima ya lero icokera kuti?" Ndinalibe comuyankha, ndipo sindifuna kuti wina wa inu amuweruze. Nchito yace ndi yomwe ija anali kugwira akazi a ku Scotland masiku a McAdam; kusiyana kwace kuli m'mwala.

Koma taonani kumene mwala uja umapita. Wogula adza ndi wilibala kapena ngolo ya ng'ombe, nautengera ku komboni ina, kutali ndi mgodi. Wina authira pakhomo kuti alendo asaponde matope. Wina atseka nao maenje a mseu. Wina atenga silagi yakuda ija m'malo mwa mcenga, popeza ndi yochipa ndipo ioneka yaukhondo. Mapazi ndi matayala aipera pang'onopang'ono, tsache la m'mawa liutsa pfumbi lace, ndipo mtovu umene unali pa mgodi wafika pa khonde pamene mwana adyera phala. Kutsuka sikuthandiza, pakuti mtovu uli m'kati mwa mwala momwe. Mu 2025 a Human Rights Watch analembanso kuti malole anali kutuluka ndi zotaya za pa mgodi ndi kuziunjika poyera m'malo ena a mzinda, kufupi ndi nyumba za anthu.

Codabwitsa ncakuti mankhwala a bwalo lodwala ndi miyala ndi dothi lomweli, koma zocokera kwina. Mu 2015, ku Chowa, a bungwe la Pure Earth, ndilo Blacksmith Institute lija litasintha dzina, pamodzi ndi anzao a kuno, anayesa njira yokwirira mabwalo a nyumba: anayala nsaru yolimba pa nthaka yoipa, nathira pamwamba pace dothi loyera lotengedwa kutali ndi mgodi, nalitsindira. Mu 2016 World Bank inabvomera ngongole ya madola mamiliyoni oposa 65 ya nchito yokonza malo oonongedwa ndi migodi m'Zambia, ndipo mbali ya ndalamazo inapita ku Kabwe, kukayesa magazi a ana, kupereka mankhwala, ndi kukonza mabwalo ena. Aphunzitsi a University of Zambia ndi a Hokkaido University ya ku Japan nawonso anayesa nthaka ndi magazi kwa zaka zingapo. Nchito zimenezi zathandiza nyumba zimene zinafikiridwa. Koma ine ndiona kuti ziri ngati kusesa m'nyumba citseko ciri cotsegula pa tsiku la kabvumvulu: malinga phiri lakuda liri losabvundikira, mphepo ya August idzabweretsanso cimene fosholo inacotsa, ndipo mwana wocira ku cipatala abwerera ku bwalo lomwe linamdwalitsa.

Kubvundikira phiri ndi nchito ya boma ndi makampani, ndipo tiyenera kuifunsa kwa makhansala ndi aphungu athu kosaleka. Koma pali zina zimene ziri m'manja mwa mwini nyumba. Pogula miyala kapena mcenga, funsani kumene zacokera, ndipo ngati wogulitsa azengereza kuyankha, kapena muona timiyala takuda tonyezimira, lekani, ngakhale mtengo ukhale wotsika. Ngati bwalo lanu linathiridwa kale zotere, musazikumbe ndi kuzimwaza. Zikwirireni ndi dothi loyera locindikala, nimubzale kapinga pamwamba. Wazani madzi musanasese, ndipo m'nyumba kolopani m'malo mwa kusesa. Ana asambe m'manja asanadye. Inu amene muphwanya miyala kapena kukumba pa milu, zobvala za nchito zisalowe m'cipinda cogona ana, ndipo khanda lisiyeni kwa agogo ace kapena kwa mnansi. Mwana wosakwana zaka zisanu ndi cimodzi amene akhala ku Kasanda, Makululu, Chowa kapena kufupi ndi ngalande, pitani naye ku kiliniki mukapemphe kuti amuyese magazi, ngakhale aoneke wamphamvu.

Nthawi yanga yatha. Amene muli ndi mafunso pa za miyala ya konkire kapena za kuyesa magazi, lembani kalata kuno ku nyumba ya wailesi, ndipo muchule komboni imene mukhala. Tsalani bwino nonse.